Madzi Akutuluka Mofooka Koma Palibe Pamene Pakudontha

Funso: Nyumba yathu inamangidwa kalekale ndipo ili ndi mapaipi achitsulo otuwa aja. Masiku ano madzi akutuluka mofooka, makamaka otentha, ndipo m'mawa amayamba ndi kutuluka ofiira. Anansi athu alibe vutoli, komanso palibe pamene pakudontha. Kodi chavuta n'chiyani?

Yankho: Mayi, zizindikiro zimene mwatchulazi zikusonyeza kuti vuto lili m'kati mwa mapaipiwo, kumene diso silifika. Mapaipi amenewa ndi achitsulo chokutidwa ndi zinki kuti chisachite dzimbiri, koma zinkiyo imatha pang'onopang'ono, moti pakadutsa zaka 40 kapena 50 chitsulo chimakhala chitayamba kale kudyeka kuchokera m'kati. Pa dzimbiri limenelo pamakakamiranso laimu wa m'madzi, amene amachokera ku kashiamu ndi maginiziyamu, ndipo popeza laimuyo amaundana msanga madzi akatenthedwa, mbali ya madzi otentha ndi imene imayamba kutsekeka. Pulambala akadula kachidutswa pamene paipi yakhota, mwina mudzaona khoma lokhuthala lofiirira lozungulira kabowo kongokwana pensulo, pomwe kunja kwake paipiyo ikuoneka yabwinobwino.

Musanaitane munthu, masulani kasefa ka pakamwa pa mpopi n'kukatsuka, chifukwa tizibenthu ta dzimbiri timatsakamira pamenepo.

Ngati zinthu sizisintha, chonde musalole kuti wina athire asidi m'mapaipimo. Pa paipi yakale, zokakamirazo nthawi zina ndi zimene zatseka timabowo timene dzimbiri linaboola, ndipo zikasungunuka madzi amayamba kudonthera m'khoma. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mtovu (chitsulo chapoizoni chimene pa Chingelezi amati lead), umene unkapezeka mu zinki ya mapaipi ena akale ndipo umatha kusungika m'dzimbirimo, koma suoneka ndi maso ngakhale uli woopsa kwa ana ndi amayi oyembekezera. Choncho m'mawa muzitsegula mpopi mpaka madzi atayera, pophika ndi pakumwa muzitunga ku mpopi wa madzi ozizira, ndipo mukayezetse madziwo ku labotale.

Njira yokhalitsa ndi kuchotsa mapaipiwo n'kuikamo apulasitiki kapena amkuwa. Ngati ndalama zikulola kusintha mbali imodzi yokha, yambani ndi ya madzi otentha, ndipo muuzeni pulambala kuti asalumikize mkuwa mwachindunji ku paipi yakaleyo popanda cholumikizira cholekanitsa zitsulo ziwirizo, chifukwa zikakhudzana m'madzi chitsulo chimadyeka msanga pamalo olumikizawo.