Kamera ya malemu bambo muli filimu: musatsegule kaye

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Zomba. Akuti pokonza m'nyumba ya makolo awo anapeza kamera ya malemu bambo awo mu sutikesi, itakulungidwa ndi chitenje. Pakamerapo palembedwa kuti Asahi Pentax K1000, ndipo kawindo kakang'ono ka pamwamba kakusonyeza nambala 19. Funso lawo n'lakuti: "Kodi ingagwirebe ntchito? Ndiitsegule ndione m'kati, kapena ndingoisunga ngati chikumbutso n'kugula ya Instax yotulutsa chithunzi pompopompo, imene ana anga akuilirira?"

Achemwali, chonde chitseko chakumbuyocho musatsegule. Kamera imeneyi ikatsegulidwa kumbuyo, nambala ija imabwerera poyambira. Ndiye ngati yaima pa 19, n'kutheka kwambiri kuti muli filimu imene bambo anajambulapo zithunzi pafupifupi 19 zimene sizinaonedwepo ndi munthu aliyense, ngakhale eni akewo. Filimu yosatsuka ikangoona kuwala, ngakhale kwa kamphindi, imapsa. Ine ndikudziwa ululu wake. Ndili mwana ndinatsegula kamera ya malume anga, amene ankayenda panjinga m'midzi kujambula anthu, ndipo ndinapsereza zithunzi za ukwati wathunthu. Malume sanandimenye. Anangokhala pakhonde osayankhula, mawa lake n'kupalasa njinga kukabweza ndalama kwa eni ukwati. Mpaka lero ndimawaganizira akwati aja.

Chitani chonchi. Pamwamba pa kamera, kudzanja lamanzere mukaigwira ngati mukujambula, pali kachitsulo kozungulira kokhala ndi kachogwirira kopinda. Musakakokere m'mwamba, chifukwa kukoka kumeneko ndiye kutsegula chitseko. Tambasulani kachogwirirako n'kupukusa pang'onopang'ono molondola kamuvi. Kakayamba kulimba, dziwani kuti filimu ilimo, ndipo lekerani pomwepo. Kenako tembenuzani kamera, dinani kabatani kakang'ono kamene kali pansi pake, n'kuyambanso kupukusa. Muzimva filimu ikubwerera m'kachitini kake. Pakapita kanthawi mudzamva kuti yamasuka ndipo chogwirira chikungozungulira chopepuka. Pukusaninso kangapo kuti mutsimikize, ndiye muthe kutsegula, muli m'nyumba, osati padzuwa. Ikakana kuyenda musaikakamize, filimu yakale imaduka. Ingoitengani kamera yonseyo kwa wojambula wakale amene anagwirapo ntchito ya filimu, akaitulutsire mumdima.

Mukatulutsa kachitiniko, werengani zimene zalembedwapo. Mukaona C-41, imeneyo ndi filimu yamitundu wamba, monga Kodak Gold kapena Fujicolor, ndipo malo otsuka filimu ambiri amaidziwa. Yambani mwafunsa m'masitudiyo akale a m'tauni. Ngati muli ndi m'bale ku Joni kapena ku Cape Town, kumeneko malo otsuka filimu alipo ndithu, ndipo amatumiza zithunzi pa imelo. Muwauze otsukawo kuti filimuyo ndi yakale. Koma pakalembedwa Kodachrome nkhani ndi ina: malo omaliza padziko lonse otsuka filimu imeneyi m'mitundu yake, a Dwayne's Photo ku Kansas m'dziko la America, anasiya kumapeto kwa 2010, ndipo lero imangotsukidwa kuti ituluke yakuda ndi yoyera.

Ndisakunamizeni, filimu imene yagona zaka zambiri m'nyumba yamalata, n'kumadutsa m'kutentha kwa Okutobala chaka ndi chaka, situluka bwino ngati yatsopano. Mitundu imasuluka, zina zimafiirira, zina zimachita ngati pali chifunga. Komabe nthawi zambiri nkhope zimaoneka. Kwa ine, nkhope ya amayi anu ali achitsikana, ngakhale itasuluka motani, ndi yoyenera kuilipirira mtengo wotsukitsawo.

Tsopano za kamerayo. Bambo anu anasankha bwino. K1000 inayamba kupangidwa mu 1976 mpaka 1997, ndipo ophunzira kujambula m'masukulu ambiri kunja ankayambira pa imeneyi chifukwa ilibe zambiri zoti n'kuwonongeka. Imajambula popanda batire. Kabatire kakang'ono ka LR44 kamene kamalowa pansi pake ntchito yake n'kuyendetsa kasingano koyeza kuwala basi, ndipo poti kasinganoko kalibe pozimitsira, muzivundikira lenzi mukamaliza kuti batire isathe. Filimu ikatuluka, yang'anani zinthu zitatu. Tsegulani pa batire muone ngati yakale sinatayire zoyera n'kudya chitsulo. Gwirani m'mphepete mwa chitseko: pamakhala kasiponji kakuda kotchinga kuwala, kamene kakakalamba kamanyeka ngati phula, koma kusintha kwake n'kosavuta. Chachitatu, chotsani lenzi muiyang'anitse kuwindo. Mukaona tinthu tonga ukonde wa kangaude m'kati mwa galasi, imeneyo ndi nkhungu, ndipo chinyezi cha ku Zomba nthawi ya dzinja imachikonda kwabasi. Ikakhala yochepa m'mbali, jambulanibe. Chofunika n'chakuti kamerayo isabwererenso mu sutikesi. Izikhala pamalo pouma, popita mphepo.

Kasingano kaja kakakhala kuti kanafa, musataye mtima. Ajambuli akale anali ndi lamulo lawo: dzuwa likamaswa mtengo, ikani pa 16 mphete ya pa lenzi imene imakuza kapena kuchepetsa bowo lolowera kuwala, ndipo liwiro lojambulira, limene mumasinthira pa kagudumu ka pamwamba pa kamera, lifanane ndi nambala yolembedwa pa filimu. Filimu ya 100 muike liwiro pa 125, ya 400 muike pa 500. Kukachita mitambo bwezani mphete ya pa lenzi ija pa 8, pansi pa mtengo wa mango pa 5.6 kapena 4. Filimu ya negativi, monga ya C-41 ija, imakhululuka mukaipatsa kuwala kochulukirapo, koma mukaimana imatuluka yofooka, choncho mukakayika onjezerani kuwala. Gulani mpukutu umodzi wokha poyamba, wa zithunzi 24 kapena 36, muutsirize, muutsukitse, ndiye mudziwe ngati kamera ili bwino. Wina akamakubweretserani filimu pandege, apemphe achitetezo a pabwalo la ndege kuti aiyang'ane ndi manja, chifukwa makina atsopano a CT ounikira katundu amaiwononga. Ikafika, isungeni mu fuliji.

Nanga Instax? Sindikuinyoza. Fujifilm inaitulutsa mu 1998, potsatira njira imene Edwin Land anayamba ndi Polaroid mu 1948, ndipo pa chinkhoswe kapena pa tsiku lobadwa palibe chimene chimasonkhanitsa anthu ngati kapepala koyera kamene kakusanduka nkhope m'manja mwawo. Koma paketi imodzi ya Instax Mini imakhala ndi zithunzi 10 zokha, zazing'ono ngati khadi la ku banki, ndipo ana akhoza kuimaliza nsima isanapse. Komanso siiphunzitsa mwana chilichonse chokhudza kuwala, poti kamera imamuganizira zonse. Makamera apulasitiki monga Holga, imene inachokera ku Hong Kong, ndi osangalatsa, koma amene muli ndi Pentax m'nyumba simukuwasowa.

Anawo ndikadakonda muwayambitse ndi chitini cha mkaka chopanda kanthu. Boolani kabowo kakang'ono pakati pa matako ake ndi kamsomali, chotsani chivundikiro, ndipo pakamwapo mumangepo pepala lopyapyala loonekera kuwala. Mwana afunde bulangete kumutu pamodzi ndi mbali ya pepalayo, kabowo kaloze panja powala. Adzaona mtengo ndi nyumba zili chadodolido papepalapo. Zimenezi anazifotokoza katswiri wa sayansi Ibn al-Haytham ku Cairo zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, ndipo ndi zomwezo zimachitika m'kamera ya agogo awo. Akadzakula pang'ono, chitini chomwecho mukhoza kuchipaka utoto wakuda m'kati, kuchepetsa bowolo kuti likhale la nsonga ya singano, n'kuikamo pepala lapadera la ajambuli, limene limagwira chithunzi likaona kuwala, muli mumdima. Padzuwa lowala chithunzi chimalowa pakatha pafupifupi mphindi imodzi. Lamlungu lomaliza la Epulo chaka chilichonse anthu padziko lonse amajambula ndi makamera oterewa, ndipo ana anu akhoza kudzajambula nawo phiri la Zomba.

Koma zonsezo zidikire, achemwali. Yambani ndi filimu ija. Mukaitulutsa mundilembere zimene zalembedwa pakachitini, ndi mtundu wake, kuti ndikuuzeni mawu oti mukawauze otsukawo.