Soketi ya mapulagi a Toyota 86: gulani ya 14 mm, yaifupi, ya maginito

Achimwene, mwati soketi ya mapulagi yomwe ili m'bokosi lanu la zida sikugwira pulagi ya Toyota 86, komanso malo olowetsa dzanja ndi ochepa, ndiye mukufunsa yoti mugule. Yambani ndi saizi. Mabokosi ambiri a zida amabwera ndi soketi ya 16 mm ndi ya 21 mm, pomwe mapulagi a injini ya FA20, yomwe ili mu 86 ndi mu Subaru BRZ ya m'badwo woyamba, mutu wake ndi wa 14 mm. Ya 16 ingozungulira pamwamba osagwira kanthu, ngati yalowa n'komwe.

Opanga injini anachepetsa pulagi dala. Pamwamba pa silinda pamafunika malo a mavavu akuluakulu, njira za madzi oziziritsa, komanso injekita yopopera petulo mwachindunji m'silinda. Pulagi ikachepa, dzenje lake nalonso limachepa. N'chifukwa chake soketi wamba ya 14 mm yomasulira mabawuti siyothandiza. Chitsulo chake n'chochindikala, ndipo mkati mulibe chogwirira pulagi. Funani yopangidwira mapulagi, ya chitsulo chopyapyala, yomwe papaketi amalemba kuti thin wall. Musatenge ya 9/16 inchi poganiza kuti n'chimodzimodzi. Imeneyo imaposa 14 mm pang'ono, ndipo imagwedera.

Ine ndingakulangizeni ya mano 12 mkati osati ya makona 6. Pulagi yanu ili ndi makona 6 ndipo soketi ya mano 12 imaigwira bwinobwino, koma tsiku lina mukadzagwira BMW ya injini ya N54 kapena N55, mapulagi ake amafuna ya mano 12 basi. Mwagula kamodzi, mwathana nazo zonse.

Pamene ambiri amataya ndalama ndi pa kutalika. Pali masoketi okongola obwera ndi extension (kandodo kachitsulo kotalikitsa soketi) yake yolumikiziratu, aatali ngati mkono wa mwana. Pa injini yoimirira, monga ya Mazda MX-5, pomwe mapulagi ali pamwamba ndipo mumangotsitsa chida kuchokera kumwamba, amenewo ndi abwino kwambiri. Koma yanuyi ndi boxer: masilinda anagona chammbali, ndipo maenje a mapulagi anayang'anizana ndi chitsulo cha chasisi. Mpata wake ndi wochepa moti buku la kampani limati injini ikwezedwe pang'ono posintha mapulagi. Chida chachitali chilibe pokhotera kuti chilowe m'dzenje. Amakaniko amene amasintha osakweza injini amamanga chidacho m'dzenje momwemo. Amalowetsa kaye soketi yokha, n'kuikankha ndi chala. Kenako amalumikiza extension yaifupi, n'kukankhanso, ndipo pomaliza ratchet (chogwirira chozungulitsira soketi) ya mutu wopyapyala. Potulutsa amamasulanso chimodzichimodzi. Choncho gulani soketi yaifupi ya 14 mm yokhala ndi polumikizira pa 3/8 inchi, ma extension awiri aafupi, imodzi ya 75 mm ina yochepera apo, ndi ratchet yopyapyala ya mano ambiri, chifukwa dzanja lanu lizingosuntha pang'onopang'ono.

Za mkati mwa soketi, pali ya labala ndi ya maginito, ndipo apa sindikayika: ya maginito. Labala ikakhala yatsopano imakakamira pulagi mwamphamvu. Mwamanga pulagi, mukukoka, extension n'kutuluka yokha, soketi n'kutsala mkati mwa dzenje lomwe simukuliona n'komwe. Nthawi zina labala yeniyeniyo imavuka n'kutsalira pa pulagi, ndiye koyilo imakana kukhala bwino. Maginito amagwira mokwanira kuti pulagi isagwe, koma amaisiya mosavuta ikamangika. Muzingopukuta mkati musanaigwiritse ntchito, poti maginito amatola tizitsulo.

Soketi yokhala ndi mfundo yopindika imathandiza pamalo okhota, koma isamaleni. Ikapendekeka mukukoka mwamphamvu, imakanikiza mbali yoyera ija ya pulagi n'kuing'alula. Mng'alu wake suoneka ndi maso nthawi zina, mumangomva injini ikunjenjemera mukaponda moto. Dzanja limodzi lizigwira mutu wa ratchet kuti chida chikhale chowongoka.

Ntchitoyi muigwire injini itazizira, chifukwa hedi ndi ya aluminiyamu ndipo mazinga ake sachedwa kuwonongeka. Mukachotsa koyilo, pemererani mphepo m'dzenje musanamasule pulagi, kuti mchenga usagwere m'silinda. Mukapeza oyilo m'dzenjemo, ndiye kuti ma seal a kava ya mavavu akutha, ndipo pulagi yatsopano sikhalitsa musanakonze zimenezo.

Pomanga, ratchet ikhale pambali kaye. Zungulizani extension ndi zala mpaka pulagi ifike pansi. Ikalimba itangozungulira kamodzi kapena kawiri, yalowa mopingasa: bwezani, yambaninso. Mazinga a hedi akaphwanyika pa injini yopanikizika chonchi, ntchito yake ndi yaikulu kuposa mtengo wa zida zonse ndatchulazi. Pomalizitsa gwiritsani torque wrench yaing'ono, sipanala ija yomwe imalira mukamanga kufika pa muyeso. Mapulagi a mazinga a 12 mm ngati anuwa, a NGK, kampani yopanga mapulagi, amati amangidwe pakati pa 15 ndi 20 Nm, koma nambala ya m'buku la galimoto yanu ndiyo yoti mutsatire. Musapake girisi kapena anti-seize (mafuta oletsa kumatirira) pa mazinga. Mapulagi amakono amabwera atakutidwa kale, ndipo mafuta aja amapangitsa kuti mumange mopyola muyeso wrench isanalire.

Mukamapita kokagula, nyamulani pulagi imodzi yatsopano. Ilowetseni m'soketi, muzondotse, muone ngati ikugwira osagwa, ndipo mulumikizenso extension yanu kuti muone ngati ikulowa zolimba.