Mafunso ndi Mayankho: Zochitika m'kati mwa chitsulo chikalowa pamoto

Makalata a mwezi uno achokera kwa amisiri osula, owotcherera zitsulo ndi ophunzira. Mafunso ndi osiyana, koma onse akhudza zinthu ziwiri: momwe maatomu a chitsulo amasinthira kakhalidwe kawo chikatentha, ndi momwe maatomu ena amayendera m'kati mwake.

FUNSO: Ndimasula mipeni, zikwanje ndi nkhwangwa kuchokera ku maspiring'i akale a galimoto. Ndikaviika mpeni m'madzi utafiira, wina umang'aluka pomwepo, wina umathyoka tsiku loyamba kugwira ntchito. Anzanga akuti ndizithira mchere m'madzimo. Kodi zingathandize? Wosula zitsulo, Dedza

YANKHO: Bambo, mcherewo usungeni wa ndiwo. Madzi amchere amaziziritsa chitsulo mwachangu kuposa madzi wamba, ndipo vuto lanu ndi changu chomwecho.

Tiyambe ndi zomwe maso saona. M'chitsulo maatomu, tizidutswa tochepetsetsa tomwe timapanga chinthu chilichonse, amakhala m'mizere, monga malalanje ounjikidwa bwino pamsika. Chitsulo chozizira chili ndi kaunjikidwe kotchedwa ferrite, kamene timipata take n'tating'ono kwambiri, moti kaboni (chinthu chopezeka m'makala, chomwe chimakhalanso m'chitsulo) amene angakhalemo sapitirira magawo 0.02 pa 100 alionse. Kaboni wotsala amagwirana ndi chitsulo n'kupanga tizidutswa touma totchedwa cementite. Kutentha kukapitirira madigiri 727 a Celsius, maatomu amayamba kuunjikana mwanjira ina yotchedwa austenite. Imeneyi ili ndi timipata tokulirapo, ndipo kaboni yense wa m'spiring'i amasungunukiramo ngati shuga mu tiyi, ngakhale chitsulocho chikadali cholimba, sichinasanduke madzi.

Chikazirala pang'onopang'ono, kaboni amapeza nthawi yotuluka n'kukadzisanja m'timizere tosinthana ndi ferrite. Chimenechi ndi pearlite, chofewa moti tupa imadya bwinobwino. Koma mukachiviika, kaboni amatsekeredwa pomwe ali. Maatomu a chitsulo amafuna kubwerera ku kakhalidwe kawo kakale, kaboni ali pakati wawatchinga, ndiye chimatuluka ndi martensite: chouma gwa, koma chophwanyika ngati galasi. Choopsa n'chakuti martensite amatenga malo okulirapo, pafupifupi magawo 4 pa 100 kuposa austenite. Kukamwa kwa mpeni n'kopyapyala, kumasintha ndi kufufuma msanga pamene kumsana kukadali kotentha. Mbali ziwirizi zikakokana, mumamva kaphokoso kaja kakuti "thi" m'madzi, mpeni wapita.

Maspiring'i ambiri ali ndi kaboni pafupifupi 0.6 pa 100, kuphatikiza chromium kapena silicon ndi manganese. Zowonjezerazi zimachedwetsa kupangika kwa pearlite, choncho chitsulocho chimauma ngakhale chitaziziritsidwa mofatsa. N'chifukwa chake spiring'i imafuna mafuta osati madzi.

Mukamaliza kusula, utenthetseni mpeniwo mpaka ufiire, kenaka muusiye uzirale pamphepo. Bwerezani kawiri kapena katatu. Zimenezi zimachepetsa timibulu ta m'kati mwa chitsulo tomwe tinakula ndi moto waukulu wosulira. Musanole mpaka kuthwa musanaviike, siyani kukamwa kuli kochindikala pafupifupi milimita imodzi. Konzani malita anayi kapena asanu a mafuta m'chitini chachitsulo chokhala ndi chivindikiro, ndipo muwafunditse poviikamo kachitsulo kotentha mpaka afike madigiri 40 mpaka 60. Mafuta ophikira amagwira bwino ntchitoyi. Oyilo wakutha wa injini amatulutsa utsi woipa m'chifuwa, ndipo ngati muli timadzi amathetheka. Moto ukabuka m'chitinimo, vindikirani, musathire madzi.

Spiring'i iyenera kufika madigiri 830 mpaka 850 isanaviikidwe. Poti pachipala palibe choyezera, gwiritsani ntchito maginito a sipika yakale. Chitsulo chimasiya kukoka maginito pa madigiri 770, choncho maginito akasiya kumata musathamangire kuviika, onjezerani moto pang'ono kuti kufiira kuwalireko. Chitani izi pamthunzi kapena madzulo, chifukwa padzuwa la masana chitsulo cha madigiri 900 chimaoneka ngati sichinapse, ndipo ambiri amapitiriza kupukusa mvukuto mpaka kuchiwononga. Viikani mowongoka, muziyendetsa mmwamba ndi pansi, osati cham'mbali, kuopa kuti ungapindike.

Mipeni yothyoka pantchito ija ikusowa gawo lomaliza, lomwe pa Chingerezi amati tempering. Mpeni ukangozirala moti mungaugwire ndi manja, upaleni uwale, n'kuutenthetsa pang'onopang'ono kuyambira kumsana mukuyang'ana mitundu yomwe ikuyenda kupita kukamwa. Mtundu wa udzu wouma ndi madigiri pafupifupi 220 mpaka 240, woyenera mpeni. Bulauni wopita ku pepo ndi 255 mpaka 280, woyenera chikwanje ndi nkhwangwa zomwe zimamenya mtengo. Buluu ndi pafupifupi 300, pamenepo kuuma kwatsika ndithu. Amene ali ndi uvuni aike mpeni pa madigiri 200 kwa ola limodzi, kawiri. Kutentha pang'onoku kumalola kaboni wina kusuntha n'kutuluka m'malo opanikizika aja. Musagoneke mpeni woviika osauchita zimenezi, ukhoza kung'aluka wokha usiku.

Wina ukathyokabe, yang'anani pothyokapo. Pakaoneka timibulu tonyezimira ngati shuga, munapitiriza moto. Pakakhala posalala motuwa ngati phulusa, moto unali bwino. Ngati mbali ina ya pothyokapo ndi yakuda kapena yadzimbiri, mng'alu unalipo kale kuchokera pamene spiring'iyo inali pagalimoto, ndipo palibe kaviikidwe kamene kakanaupulumutsa.

FUNSO: M'kalasi tamva kuti maatomu amayenda m'kati mwa chinthu cholimba, ati diffusion. Zingatheke bwanji poti chitsulo chilibe mabowo? Wophunzira zamakina, Blantyre

YANKHO: Mabowo ooneka palibedi, koma maatomu sakhala chete. Amanjenjemera pamalo awo, ndipo kutentha kukakwera kunjenjemerako kumakula mpaka atomu imatha kudumphira pamalo oyandikana nawo. Njira zake ndi ziwiri. Maatomu aang'ono monga kaboni, nitrogen ndi hydrogen amadutsa m'timipata ta pakati pa maatomu a chitsulo, choncho amayenda msanga. Akuluakulu monga chromium ndi nickel amadikira kuti pafupi papezeke malo opanda mwini m'mzere kuti asunthirepo, n'chifukwa chake amachedwa kwambiri. Atomu iliyonse imadumpha mwachisawawa, koma poti kumene achuluka ndi komwe odumpha ali ambiri, mapeto ake gulu limasefukira kumene achepa, monga mchere umalowera m'nsomba kuchokera pakhungu.

Malamulo a masamu a nkhaniyi adawalemba Adolf Fick wa ku Germany mu 1855, ataphunzira kayendedwe ka mchere m'madzi. Mu 1896, William Chandler Roberts-Austen, amene ankagwira ntchito ku Royal Mint, malo osulira ndalama zachitsulo ku London, adayeza momwe golide amalowera mu mtovu wolimba. Dzina loti austenite lidachokera kwa iyeyu, monganso martensite adachokera kwa Adolf Martens. Pamayeso kumbukirani kusiyana uku: pearlite amafuna diffusion, choncho amafuna nthawi. Martensite safuna diffusion, maatomu amangosuntha pang'ono onse pamodzi m'kuphethira kwa diso, ndipo kuchuluka kwake kumadalira pomwe kuzizira kwafika osati maola.

FUNSO: Ndidapanga mapini ndi tchizulo kuchokera ku chitsulo chopangira mawindo. Ndatenthetsa n'kuviika kangapo koma tupa ikudyabe. Ndikulakwitsa pati? Mmisiri, Mzuzu

YANKHO: Simukulakwitsa moto, chitsulocho n'chimene chilibe kaboni wokwanira woti atsekeredwe m'kati. Chitsulo cha mawindo, chotchedwa mild steel, chili ndi kaboni wosapitirira 0.25 pa 100, wochepa kuti apange martensite wouma mokwanira. Musanataye makala, yesani pa galayinda. Mild steel amatulutsa timoto tatitali tosachita nthambi zambiri, pamene spiring'i kapena tupa yakale imatulutsa timoto tophulika ngati nyenyezi.

Tchizulo ipangeni ndi spiring'i basi. Koma mapini mutha kuwalowetsa kaboni pakhungu. Sinjani makala a mtengo wolimba akhale ngati nyemba kapena mpunga kukula kwake, musakanize ndi soda wochapira pafupifupi gawo limodzi pa magawo khumi. M'mafakitale ankagwiritsa ntchito barium carbonate, koma ameneyo ndi poizoni. Ikani mapini m'kabokosi kachitsulo kapena m'paipi yochindikala, makala akute mbali zonse mamilimita 20 mpaka 25, ndipo mapini asakhudzane. Matani chivindikiro ndi dongo, osachiwotcherera, kuti mpweya ukachuluka upeze potulukira. Paipi ya galavanaizi musaiyerekeze, utsi wa zinc umadwalitsa. Bokosi lonse lifike madigiri 900 mpaka 930, mtundu wa lalanje. M'katimo makala amapanga mpweya wa carbon monoxide, womwe umasiya kaboni pakhungu la chitsulo, kaboniyo n'kumalowa. Mpweya umenewu umapha, choncho ntchitoyi ichitikire pabwalo.

Pano m'pomwe ambiri amagwa mphwayi. Pa madigiri 925, kaboni amalowa pafupifupi mamilimita 0.6 m'ola limodzi, 1.3 m'maola anayi, ndi 1.9 m'maola 9. Kuti kuya kuwirikize kawiri, nthawi iyenera kuwirikiza kanayi. Ndipo maolawo muyambe kuwawerenga pamene pakati pa bokosi patentha, osati pamene mwayatsa moto. Moto ukatsika kufika pa 870, ola limodzi limangopereka 0.45 kapena kuyandikira apo, ndipo pansi pa 727 mukungowotcha makala chabe poti ferrite salandira kaboni. Mukamaliza lisiyeni bokosi lizirale, tulutsani mapini, muwatenthetsenso kufika madigiri 780 mpaka 800, muviike m'madzi, kenaka muwafunditse pa 150 mpaka 200. Kunja kuuma, m'kati kukhalabe kofewa kosathyoka. Kungoti musawapale kwambiri pambuyo pake, mungachotse khungu lomwe mwalivutikira.

Zosiyana nazo zimachitikanso. Chitsulo chabwino chikakhalitsa pamoto wa mphepo yambiri, kaboni amatuluka pakhungu. Tupa ikadya mpeni wa spiring'i womwe mwauviika bwino, palani kaye pang'ono muone ngati pansi pake sipouma.

FUNSO: Ndidawotcherera ekiselo ya ngolo ndi ndodo za 6013. Idaoneka bwino, koma mmawa mwake ndidapeza mng'alu m'mphepete mwa powotchererapo, ngolo isanasenze kanthu. Chidachitika n'chiyani? Wowotcherera, Kasungu

YANKHO: Zinthu zitatu zidakumana. Ekiselo imakhala ndi kaboni wochuluka kuposa mild steel. Kamzere ka m'mphepete mwa weld, powotcherera paja, kadatentha mpaka kusanduka austenite, ndiye chitsulo chozizira chozungulira chidayamwa kutenthako mwachangu ngati mwaviika m'madzi, pakapangika martensite. Chachiwiri, weld ikamazirala imafota n'kumakoka. Chachitatu ndi hydrogen wochokera ku chinyezi cha pa ndodo, dzimbiri, penti ndi gilisi. Atomu ya hydrogen ndi yaing'ono kwambiri, imayendabe m'chitsulo ngakhale chitazizira, ndipo imakaunjikana pamalo okokeka kwambiri. Ulendowu umatenga maola, n'chifukwa chake mng'alu wotere umatha kuoneka patapita tsiku limodzi kapena awiri.

Palani mng'alu wonse mpaka kumapeto kwake, yeretsani chitsulo chiwale, ndipo mutenthetse malowo kufika madigiri 250 mpaka 300 musanayambe. Pamalo opalidwa pakaoneka pepo kapena buluu, mwafika. Gwiritsani ntchito ndodo za 7018, zomwe zili ndi hydrogen wochepa, koma zikhale zouma. Zikayamwa chinyezi zimafuna kuumitsidwa pa madigiri 300 mpaka 350 kwa ola limodzi kapena awiri, zomwe uvuni wakunyumba sungathe, choncho kuli bwino kugula paketi yaing'ono yomata n'kuitsegula tsiku lomwelo, makamaka m'dzinja. Mukamaliza kwirirani ndi phulusa kapena mchenga wouma kuti izirale usiku wonse. Madzi asayandikire. Malangizowa ndi a ngolo. Spiring'i ya galimoto kapena chitsulo cha chiwongolero chikathyoka, gulani china.

FUNSO: Amakaniko amatenthetsa mawashala a kopa n'kuwaponya m'madzi, ati kuti afewe. Bwanji saumanso ngati chitsulo? Wowerenga, Chipata

YANKHO: Kopa sasintha kaunjikidwe ka maatomu ake kuyambira ali wozizira mpaka kusungunuka pa madigiri 1085, ndipo mulibe kaboni woti atsekeredwe. Iye amauma chifukwa chofinyidwa ndi kupindidwa. Mukamutenthetsa mpaka kufiira pang'ono, timibulu tatsopano tosapanikizika timamera m'malo mwa topunduka tija, n'kufewa. Madzi amangothandiza kuchotsa makoko akuda ndi kufulumizitsa ntchito, pamphepo angafewenso chimodzimodzi. Aluminiyamu ndiye wosamala naye, poti amasungunuka pa 660 asanaonetse kufiira. Pakani sopo wamtanda, akada mwafika pafupifupi 400, chotsani pamoto.

Aluminiyamu wosakaniza ndi kopa ali ndi khalidwe lakelake. Mu 1906, Alfred Wilm wa ku Germany adaviika aluminiyamu wokhala ndi kopa pafupifupi magawo 4 pa 100, ndipo atamuyezanso patapita masiku ochepa adapeza kuti wauma yekha. Maatomu a kopa anali akuyenda pang'onopang'ono n'kumasonkhana m'timagulu tating'onoting'ono totchinga chitsulo kuti chisapindike. N'chifukwa chake opanga ndege amasunga maliveti ena a mtunduwu mu firiza akangowaviika, kuti akhalebe ofewa mpaka nthawi yowakhoma.