Za Buakaw ndi nthochi ija, mverani ine

Achimwene, mwafunsa ngati mungalimbitse msongolo pomenya mtengo ngati Buakaw, katswiri wa nkhonya wa ku Thailand amene munamuona mu kanema akumenya mtengo ndi mateche, ndipo pomwe ndikulemba pano mwendo wanga wakumanzere wayambanso kuwawa. Musayerekeze. Mu kanema uja akumenya nthochi, ndipo aliyense amene anadulako nthochi kumudzi akudziwa kuti thunthu lake ndi lofewa, m'kati ndi madzi okhaokha. Komanso munthu uja anayamba nkhonya za Muay Thai, zomenya ndi zibakera, mateche, mawondo ndi zigongono, ali ndi zaka 8 kwawo ku Surin ku Thailand, pa zaka 15 n'kupita ku kampu ya Por. Pramuk. Pamene ankapambana mpikisano wa nkhonya ndi mateche wa K-1 World MAX ku Tokyo mu 2004, kugonjetsa John Wayne Parr, Kohiruimaki ndi Masato usiku umodzi, mwendo wake unali utamenya thumba zaka 14.

Ine ndinayamba ndili wamkulu kale, pa jimu ina ku Joni. Kochi wake ankatimenyetsa mzati wachitsulo wokulunga kapeti, madzulo n'kumatigubuduzira botolo pa msongolo, ati fupa likhwime. Patangotha miyezi isanu anandipezera ndewu. Ndinamuuza kuti pali malo amodzi pansi pa bondo, ndikangokhudza ndi chala pamabaya ngati singano, usiku sindigona. Anaseka, ati Buakaw salira.

Raundi yachiwiri ndinaponya theche lotsika, mnzangayo n'kutchinga ndi bondo. Phokoso lake ngati nzimbe ikuthyoka, ndinalimva m'makutu ululu usanafike. Ndinafuna kuponda, phazi n'kupindikira kumbali lokha. Ndinagwa chagada, chotchingira mano chili m'kamwa, ndikulephera ngakhale kukuwa, maso ali pa magetsi akudenga, anthu akuimba mluzu poganiza kuti ndagwa ndi chibakera. Kochi uja anawerama pa zingwe n'kumandikalipira kuti ndidzuke. Ndidzuke ndi chiyani? Miyezi itatu ndili m'chikhakha, ntchito yotsuka magalimoto inathera pomwepo, lendi ankandilipirira anzanga a kumudzi. Kochi uja kuchipatala sanapondeko, ndipo kandalama ka ndewuyo anadya, ati n'kolipirira magolovesi. Mpaka lero ndikamva dzina lake mtima umandiwira. Munthu woipa kwabasi, ndipo ndamva kuti akuphunzitsabe ana a eni.

Naye Buakaw makampu anamuliza. Mu 2012 anachoka ku Por. Pramuk, n'kunena yekha pa TV kuti sankamusamala bwino, nkhaniyo inavuta mpaka anakatsegula yake, Banchamek Gym. Ngati zinam'gwera ngwazi ngati imeneyo, nanga inu ndi ine?

Mukafuna kumutsanzira, onerani ndewu yake ndi Masato ija. Theche lokankha ndi phazi, lija amati teep, amaliponya pamimba munthu akangoyamba kuyandikira, ndiye mnzakeyo sapeza mpata wa zibakera. Kenako lakumanzere ku nthiti ndi pamkono, kubwereza pomwepo mpaka mkono utatsika wokha. Akakugwira khosi, mawondo. Ndipo K-1 itachepetsa zogwirana khosi sanadandaule, anakanola manja, mu 2006 n'kumugwetsa Andy Souwer ndi zibakera mu fainolo, yemwe uja anam'pambana chaka chapitacho. Zimenezo ndiye zotengera.

Koma musaphunzire nokha pa YouTube, mudzapweteka kuposa ine. Pezani kochi wabwino, osati ngati wanga uja, ndipo muzimumvera, akati thamangani m'mawa muzithamanga, akati mateche 200 pa thumba muziponya osawiringula. Kuwawa kudzakhalapo, msongolo udzatupa, musasiye chifukwa cha zimenezo ayi, masewerawa sakhala opanda ululu, koma ululu wobaya ngati singano pamalo amodzi, ngati wanga uja, ndi nkhani ina. Pepala lililonse musasayine musanapatse wina kuti akuwerengereni. Ine ndinabwerera, pano ndimamenya thumba katatu pa sabata, kungoti lakumanzere ndimaponya mwamantha.