Funsani Tikuyankheni: Zipolopolo zomera maluwa, ndi zoona eti?

FUNSO: Akulu, mlamu wanga anabwera kuchoka ku Joni nde tikucheza pakhonde anayamba kunena kuti asilikali a ku America akufuna zipolopolo zoti ukawombera zimawola kenako pamalopo pamamera maluwa, ine ndinangoseka kuti ili ndi bodza la pabawo koma iye anakakamira mpaka tinabetcherana nkhuku. Tandiuzeni, nkhukuyi ndi ya ndani? Ndine wowerenga wanu, ku Zomba.

YANKHO: Achimwene, musayambe mwawiritsa madzi, mlamu wanuyo sananame kwenikweni ngakhale wathira mchere wambiri.

Nkhaniyi inatuluka kumapeto kwa 2016. Asilikali a US Army analengeza kuti makampani ang'onoang'ono apereke maganizo a mmene angapangire zida zophunzirira zoti zikagwa pansi ziziwola zokha, mkati mwake muli mbewu, ndipo tsiku lomaliza kupereka linali 8 February 2017. Ndiye onani, kumeneku kunali kuitana anthu kuti ayese, osati kuti katundu wafika kale mu sitolo. Komanso sizinali zipolopolo zing'onozing'ono za mfuti ya paphewa zija mukuganizazi ayi, ankanena zinthu zikuluzikulu, magireneti a 40mm, mabomba a mota (mzinga waufupi woponya bomba m'mwamba) a 60mm, 81mm ndi 120mm, za akasinja za 120mm mpaka za mizinga za 155mm, zonsezi zophunzirira basi osati za kunkhondo. Mbewuzo zinakonzedwa ku labotale ya asilikali yotchedwa CRREL ku Hanover, New Hampshire, ndipo anazichita mwakuti sizimera msanga, zimadikira miyezi ingapo zili m'dothi. Cholinga n'chakuti chomeracho chizikoka zoipa m'nthaka komanso nyama ikadya isadwale. Anatchulanso nsungwi ngati chimodzi mwa zinthu zomwe ulusi wake ungagwire ntchito m'malo mwa pulasitiki wamba, inde nsungwi zomwezi timalukira malichero.

Mwina mukudabwa kuti msilikali ndi maluwa zikugwirizana pati. Vuto ndi lakuti malo ophunzirira kuwombera amalandira zida zankhaninkhani chaka ndi chaka ndipo palibe amene angapite kukatola chimodzichimodzi, zina zimalowa pansi zina zimangomwazika m'tchire, nde asilikaliwo anavomereza okha kuti zotsalirazo zimatha zaka mahandiredi zisanawole ndipo zikamachita dzimbiri zimaononga dothi ndi madzi, kuphatikiza apo munthu wamba akazipeza sangadziwe kuti ichi n'chophunzirira kapena ndi bomba lenileni.

Ku kampu ya asilikali ya Camp Edwards, chigawo cha Cape Cod ku Massachusetts ku America konko, zinafika poti mu 1997 bungwe loona za chilengedwe la EPA linalamula kuti kuwombera mizinga, mamota ndi zipolopolo za mtovu kuyime chifukwa pansi pa kampuyo ndi pamene pali madzi omwe anthu a kumeneko amamwa. Za kuopsa kwa mtovu sitikusowa kupita kutali, funsani abale athu a ku Kabwe ku Zambia komwe mgodi unatsekedwa mu 1994 koma ana akudwalabe ndi fumbi lake.

Apa ndi pamene ine ndimakayikira pang'ono anthu akamayamba kuimba nthungululu msanga. Ku Camp Edwards komweko atasiya mtovu anabweretsa zipolopolo za tungsten (mtundu wa chitsulo cholemera kwambiri) wosakaniza ndi nayiloni n'kumazitcha zosamala chilengedwe, aliyense kuwomba m'manja, kenako kunapezeka kuti tungsten uja amasungunuka n'kutsikira m'madzi a pansi, mu 2006 bwanamkubwa Mitt Romney anaziletsa. Ku Norway nako cha m'ma 2009 asilikali omwe ankawombera zipolopolo zopanda mtovu anayamba kutsokomola, kutentha thupi ndi litsipa chifukwa cha utsi wa mkuwa ndi zinki. Zomwe zinakhazikika ndi chipolopolo cha M855A1 chomwe US Army inayamba kugwiritsa ntchito mu 2010, ndi mkuwa ndi chitsulo, mtovu mulibe, koma kuwola sichiwola ndipo duwa sichimeretsa.

Kupanga chinthu chowola n'kovuta chifukwa mukufuna zinthu ziwiri zodana. Chikhale cholimba kuti chipirire moto ndi mphamvu ya mu mpope wa mzinga, chikhale m'nkhokwe zaka osafumbwa, chiuluke ndendende ngati bomba lenileni apo ayi msilikali aphunzira kulasa kolakwika, komano chikangogwa pansi mvula n'kugwa chiyambe kufumbutuka ngati chigumu, ndiyeno kambewu kali mkatimo kasapse. Si masewera amenewo.

Nde pa nkhuku paja, ngati mlamu wanu anati "akufuna", wawina, mupatseni. Ngati anati akuwombera kale ndipo ku America kwadzaza maluwa, mpatseni mapiko ndi khosi basi, nthutumba ndi ntchafu zikhale zanu.