Probox ikamanjenjemera m'mawa wa July

Bambo wina wa ku Kamwendo wandilembera kuti galimoto yake ya Toyota Probox ikumalira modukizadukiza m'mawa, koma dzuwa likakwera imakhala bwinobwino. Akufunsa ngati agule mapulagi atsopano. Achimwene, mwandikhudza pachilonda.

Chaka china mu July ndinkanyamula anthu pakati pa Mchinji boma ndi chipata cha Mwami. Kuzizira kwa kuno mukukudziwa, galasi lili mbuu ndi mame, zala zitauma. Ndikaliza galimoto, chiwongolero chinkanjenjemera mpaka ndalama zachitsulo kumalira m'kabokosi. Ndinagula mapulagi anayi. Patangotha sabata ziwiri vuto lija labwerera. Nditamasula pulagi imodzi, kunsonga kunali bii, mwaye wokhawokha. Ndinagulanso ena, ndipo ndalama imene tinasungira feteleza inathera momwemo.

Anandipulumutsa ndi mkulu wina wachikulire wokonza magalimoto. Sanamasule kanthu. Anati ndilize injini ikadali yozizira, iwo atagwira paipi yapamwamba ya rediyeta. Paipi ija inayamba kufunda nthawi yomweyo pang'onopang'ono, pamene imayenera kukhala yozizira kaye kenako n'kutentha kamodzin'kamodzi. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Thermostat anachotsa ndani?" Anali makaniko wina mu October, amene anandiuza kuti kuno n'kotentha, zimenezo n'za ku Japan.

Bodza limeneli limandipsetsa mtima mpaka lero. Thermostat imatsekera madzi kuti asapite ku rediyeta mpaka injini itafika madigiri pafupifupi 82. Mukaichotsa, injini imachedwa kufunda, kompyuta ya galimoto imaona ngati kukadali kozizira, ndiye imangothira petulo wambiri. Petulo wosapsa bwinoyo ndiye mwaye uja. M'chilimwe simuzindikira kanthu, koma June akafika mumalipira. Makaniko wochotsa thermostat m'malo mofufuza chimene chikutenthetsa injini sakukuthandizani, akukubisirani matenda.

Petulo wa m'zigubu wa m'mbali mwa msewu nayenso ndinamusiya. Simudziwa kuti chigubucho chagona kuti, kaya mwalowa madzi.

Ndiye muchite chiyani?

Musagule kaye kanthu. Pitani kwa amene ali ndi makina owerengera kompyuta ya galimoto. Makinawo amaonetsa nambala ya vuto: P0301 ikutanthauza kuti silinda yoyamba ndiyo ikuphonya, P0302 yachiwiri, pamene P0300 ndiye kuti vuto silili pa silinda imodzi. Probox ili ndi koyilo, kachipangizo kotumiza moto ku pulagi, pa pulagi iliyonse, choncho sinthanitsani koyilo ya silinda yodwalayo ndi ya ina. Vuto likasamuka nayo, koyilo ndiyo yatha. Yang'ananinso labala wake ngati wang'ambika, poti chinyezi cha m'mawa chimabera moto pamenepo. Gwirani paipi ija monga anachitira mkulu uja. Koma ngati madzi a mu rediyeta akumachepa popanda podontha, ndipo utsi woyera sukutha ngakhale injini itatentha, kayezetseni gasiketi ya kumutu kwa injini msanga musanaphe injini.