Maservo akamadzigwedeza okha injini ya petulo ikalira

Achimwene, mwanena kuti ndege yanu ya rimoti ili ndi injini ya petulo ya 30cc, ndipo injiniyo ikakhala yozima zonse zimamvera bwino, koma mukangoiliza n'kuwonjezera moto, servo (kamota kosuntha ziwongolero) ya throttle, yowonjezera ndi kuchepetsa moto, ndi ya chiwongolero cha kumchira zimayamba kudzigwedeza zokha. Mwafunsa ngati mugule rimoti ndi risiva (kabokosi ka m'ndege kolandira uthenga wa rimoti) zatsopano, ngakhale zomwe muli nazo ndi za 2.4 GHz. Ndalamazo yambani mwazisunga. Ndegeyonso musaiulutse mpaka vutoli litapezeka, chifukwa ndege ya injini yotere imalemera makilogalamu angapo, ndipo ikasiya kumvera ili m'mwamba ikhoza kuvulaza munthu koopsa.

Injini za glow, zoyendera methanol, zilibe vutoli chifukwa pulagi yake imangokhala yofiira ndi kutentha, sithetheka. Pulagi ya injini ya petulo imathetheka ndi mavoliti opitirira 10,000, ndipo injini ya two-stroke ikamazungulira ka 7,000 pa mphindi, kuthethekako kumachitika koposa ka 100 pa sekondi iliyonse. Kuthetheka kulikonse kumamwaza phokoso la magetsi, lofanana ndi kutatata komwe kumamveka mu wailesi ya MW njinga yamoto ikamadutsa pafupi. M'masiku a 35 MHz ndi 72 MHz phokosoli linkalowa mosavuta kudzera pa eriyo. Kuyambira pomwe kampani ya Spektrum inatulutsa rimoti ya DX6 mu 2005, anthu ambiri anasamukira ku 2.4 GHz, ndipo n'zoona kuti phokoso lambiri la pulagi silifika kumeneko. Koma eriyo si khomo lokhalo. Mawaya a maservo ndi a batire nawonso amatola phokosolo, n'kulisakaniza ndi uthenga wochoka ku risiva kupita ku servo, ndipo pamenepo rimoti yodula chotani singakuthandizeni, popeza uthengawo ukuwonongekera m'kati mwa ndege momwemo.

Musanamasule bawuti ndi imodzi yomwe, tsimikizani kaye kuti wolakwa ndi ignition, bokosi la magetsi lothethetsa pulagi, chifukwa pali zinthu zina ziwiri zomwe zimaoneka chimodzimodzi, zomwe ndi kunjenjemera kwa injini ndi kutsika kwa mphamvu ya batire. Injini ili yozima, yatsani rimoti ndi risiva, kenako menyani thupi la ndege pang'onopang'ono ndi chikhatho, gwedezani switchi, ndipo kokani mofatsa polumikizira paliponse pa mawaya. Servo ikadzidzimuka pamenepo, ndiye kuti muli ndi switchi yotha kapena waya wosagwira bwino, ndipo pulagi ilibe mlandu. Mukatero yendetsani timitengo tonse ta rimoti nthawi imodzi, mnzanu atapanikiza pang'ono ziwongolero ndi dzanja, inu mukuyang'ana mavoliti a batire la risiva. Batire laling'ono la NiMH la mavoliti 4.8 limagonja msanga likamadyetsa maservo a digital, ndipo marisiva a Spektrum amazima n'kuyambiranso mphamvu ikatsika kufika pafupifupi mavoliti 3.5.

Ngati zonsezo zili bwino, mutha kuyesa ignition payokha injini isakulira. Masulani pulagi mu injini, ilowetseni bwinobwino mu kapu yake, iikeni kutali ndi petulo ndi bowo la pulagi, yatsani ignition, ndipo tembenuzani pulopela uku ndi uku kuti maginito ozungulira limodzi ndi pulopela azidutsa pa sensor youza ignition nthawi yothetheka. Servo ikamadumpha nthawi iliyonse pulagi ikathetheka, mwampeza mwini wake. Chonde musathethetse ignition mu kapu mulibe pulagi, chifukwa magetsiwo akasowa kopita amaotcha za m'kati mwa bokosi.

Malo oyamba kuwakayikira, m'maganizo anga, ndi kapu ya pulagi. Injini zambiri za kukula kumeneku, monga za DLE, zimagwiritsa ntchito pulagi ya mtundu wa NGK CM-6, yomwe ilibe resistor m'kati mwake. Pa ignition za mtundu wa Rcexl, resistor yochepetsa phokoso ili mu kapu, ndipo kapu yachitsuloyo pamodzi ndi chitsulo cholukidwa chomwe chakuta waya wa pulagi ndizo zimatsekera phokoso kuti lisatuluke. Chitetezo chonsechi chimadalira kuti kapu igwire thupi la pulagi mwamphamvu. Kapu yatsopano imakhala yolimba kulowa, mwakuti munthu amaganiza kuti yafika pomwe yangokhala pamwamba. Ikankheni mpaka itaphimba mbali ya pulagi yogwirapo sipanala, ndipo onetsetsani kuti kasipuling'i kozungulira kukamwa kwake kalipo ndipo sikanafooke. Kapu yomwe mukutha kuizunguza ndi zala ziwiri mosavuta ndi yosadalirika. Ichotseni muunike m'kati mwake ndi tochi. Mukaona kamzere kakuda ngati ka pensulo pa labala wa m'katimo, kapena labalayo atang'ambika, dziwani kuti magetsi akhala akudumphira pambali, ndipo kudumpha koteroko kumachita phokoso loposa la pulagi yeniyeniyo. Kapu yotere isintheni, musaimate.

Tsatirani wayayo ndi chala kuchokera pa kapu mpaka pa bokosi la ignition, makamaka pomwe wadutsa m'mphepete mwa chivindikiro cha injini, chifukwa fiberglass ikamanjenjemera imacheka cholukidwa chija pang'onopang'ono. Timawaya tating'ono tikaoneka titanyonyotoka, chitetezo chaboweka. Yezaninso mpata wa pulagi, womwe pa CM-6 uyenera kukhala pafupifupi mamilimita 0.5. Mpata ukakula, magetsi amafunika kukwera kwambiri asanadumphe, motero phokoso limakula ndipo kapu imatha msanga. Kwa anzathu omwe ali ndi injini za magneto, zodzipangira magetsi a pulagi popanda batire, monga Zenoah zambiri, pulagi iyenera kukhala yokhala ndi resistor, yomwe imadziwika ndi chilembo R pa dzina lake, monga BPMR7A.

Chachiwiri ndi kakhalidwe ka zinthu m'kati mwa ndege. Lamulo lakale lomwe ine ndimalitsatirabe ngakhale pa 2.4 GHz ndi lakuti chilichonse cha ignition, kutanthauza bokosi, batire lake, switchi yake ndi mawaya ake, chitalikirane ndi chilichonse cha risiva ndi masentimita 30 ngati malo alipo. Ambiri amaika maswitchi awiri moyandikana kuti ndege ioneke yaudongo, kapena kumanga mawaya onse mtolo umodzi, ndipo pamenepo ndi pomwe phokoso limawolokera. Ignition ikhale ndi batire lakelake. Ngati mukufuna batire limodzi kuti muchepetse kulemera, pakati pake pakhale IBEC, chipangizo chosefa phokoso, osati waya wamba wa nthambi ziwiri. Switchi yozimitsira injini kuchokera pa rimoti ikhale ya optical, yomwe imapititsa uthenga ndi kuwala popanda waya wolumikiza mbali ziwirizo.

Maservo awiri omwe mwatchula akundiganizitsa zinthu ziwiri. Servo ya throttle ndiyo imakhala pafupi kwambiri ndi injini, ndipo ngati kandodo kochoka pa servo kupita pa kabureta ndi kachitsulo kokhakokha, kamatenga phokoso pa injini n'kulibweretsa m'kati. Ikani ka nayiloni, ndipo polumikizira pa kabureta pakhale ball link ya pulasitiki. Pa chiwongolero cha kumchira, onani ngati mawaya achitsulo okoka mbali ziwiri akupingasana n'kumakhulana. Zitsulo ziwiri zikamakhulana injini ikunjenjemera zimapanga phokoso lawolawo, choncho mangitsaninso mabawuti a ekizozi, a injini ndi a miyendo ya matayala. Mawaya aatali a maservo akhale opotedwa. Ena angakuuzeni kuti muzunguze waya wa servo pa mphete ya ferrite pafupi ndi risiva, ndipo zimathandizadi, koma ine ndimaona kuti ndi chinthu chomalizira, chifukwa mphete ikhoza kutontholetsa servo pomwe kapu yoboweka ikupitirira kuwonongeka.

Sinthani chinthu chimodzi, yesani, kenako china. Mukasintha zisanu nthawi imodzi ndipo vuto n'kutha, simudzadziwa chomwe chinali cholakwika, ndipo likadzabwerera mudzayambiranso pachiyambi.

Maservo akakhala bata, ntchito sinathe. Chitani range check, kuyesa ngati ndege ikumvera rimoti muli chapatali, kawiri, koyamba injini ili yozima, kachiwiri ikulira, mnzanu wamphamvu ataigwira ndege kumbuyo, kutali ndi pulopela. Pa Spektrum mtunda wake ndi mapazi 30 oyenda, pafupifupi mamita 28, rimoti ili pa mphamvu yochepetsedwa, ndipo makampani ena amalemba mtunda wawo m'kabuku ka rimoti. Yesani injini ili pa moto wochepa, wapakati ndi wonse, ndege itayang'ana mbali zosiyanasiyana, chifukwa injini, thanki ya petulo ndi carbon fiber zimaphimba eriyo. Maeriyo awiri a risiva akhale mopingasa pa madigiri 90. Risiva ya 2.4 GHz ikalandira uthenga wowonongeka imangoutaya mwakachetechete n'kusunga womaliza, choncho ngati rimoti yanu ili ndi telemetry, yokuonetsani zomwe risiva ikukumana nazo, werengani ma frame loss (mauthenga otayika) ndi ma hold (nthawi zomwe risiva yasiyiratu kumva rimoti), ndipo hold ngakhale imodzi ikaoneka pansi pano, musauluke. Pomaliza zimitsani rimoti injini ikulira, ndege itagwiridwa, muone ngati failsafe, dongosolo lomwe risiva imatsatira uthenga wa rimoti ukasowa, ikubweza throttle pa moto wochepa kapena kuzimitsa injini.

Mukachita zonsezi koma servo n'kumadumphabe pulagi ikathetheka, bwerekani ignition ina kwa mnzanu muyesere musanagule, chifukwa bokosi lenilenilo limathanso kuwonongeka m'kati. Mutaika chithunzi cha m'kati mwa ndegeyo chosonyeza pomwe pali risiva, mabatire ndi maswitchi, ndi china cha kapu ili pa pulagi, tikhoza kukuuzani poyambira.